Mafayilo Akasowa pa Flashi, Musathamangire Kufomata

Ambirife muno mu Dzaleka timasunga zinthu zofunika pa flashi kapena pa memori khadi: zithunzi za mapepala athu otizindikiritsa, masatifiketi a sukulu, makalata ofunsira ntchito ndi zithunzi za abale amene tinasiyana nawo. Flashi imodzi imalowa m'makompyuta ambiri, kosindikiza mapepala, kusukulu ndi kwa anzathu, ndipo m'menemo ndi mmene imatolera vayirasi. Tsiku lina mumangoona kuti mafayilo onse asowa. Nthawi zambiri mafayilowo amakhala alipobe, ndipo chimene chimawatayitsa ndi phuma.

Vayirasi yofala kwambiri pa maflashi imabisa mafoda anu n'kuikapo timafayilo tonamizira totchedwa shortcut. Timakhala ndi mayina a mafoda anu omwewo, koma ndi kamuvi kakang'ono pakona. Musatitsegule, chifukwa mukatero vayirasiyo imalowa m'kompyuta. Kuti mutsimikize, dinani batani lakumanja la mausi pa dzina la flashiyo n'kusankha Properties. Ikaonetsa kuti malo akadali odzaza, ndiye kuti zinthu zanu zangobisika.

Chitani izi mwandondomeko. Choyamba, lekani kuigwiritsa ntchito flashiyo. Musaikemo nyimbo kapena chithunzi, ndipo kompyuta ikafunsa zofomata, kanani. Chachiwiri, ilowetseni m'kompyuta yopanda vayirasi ndipo muipime ndi antivayirasi. Microsoft Defender imabwera kale mu Windows 10 ndi 11. Chachitatu, tsegulani Command Prompt, lembani chilembo cha flashiyo, mwachitsanzo E: ndipo dinani Enter. Kenako lembani attrib -h -r -s /s /d *.* n'kudinanso Enter. Lamuloli limavundukula zonse zobisidwa. Nthawi zina mafayilo amapezeka m'foda yopanda dzina. Akopereni m'kompyuta, ndipo mukatsimikiza kuti akutseguka bwino, apo ndiye mungafomate flashiyo.

Nanga ngati afufutidwadi? Zofufutidwa pa flashi sizipita mu Recycle Bin, komabe chiyembekezo chilipo. Kompyuta ikafufuta fayilo imangochotsa dzina lake pamndandanda, zamkati zimatsala mpaka chinthu china chilembedwe pamalo omwewo. N'chifukwa chake kuikamo zatsopano n'koopsa. Mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amafufuza zotsalazo. Zimene zapezeka muzisunge pena, osati pa flashi yomweyo. Njirayi imathandizanso pa memori khadi mukaichotsa m'foni, koma zofufutidwa m'kati mwa foni yeniyeniyo n'zovuta kubweza.

Palinso mtundu wina woipa kwambiri wotchedwa ransomware, umene umakhoma mafayilo n'kumafuna ndalama. Wodziwika ndi WannaCry, umene mu May 2017 unagwira makompyuta m'mayiko oposa 150. Musalipire, chifukwa palibe chotsimikiza kuti akutsegulirani. Tsamba la pa intaneti la No More Ransom, limene linayamba mu 2016 mothandizidwa ndi Europol, limapereka mwaulere zotsegulira mitundu ina ya vayirasi yotereyi. Sungani mafayilo okhomedwawo, mwina chotsegulira chake chidzapezeka.

Mukapita kwa wokonza makompyuta, khalani pambali pake mpaka amalize. Mapepala a munthu wothawa kwawo ali ndi mayina, manambala ndi mbiri zimene siziyenera kuonedwa ndi aliyense. Mupempheni afufute zimene wakopera m'kompyuta yake inu mukuona.

Pomaliza, pepala lililonse lofunika likhale malo osachepera awiri. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo mungathenso kudzitumizira nokha pa imelo. Ngati muli ndi m'bale wodalirika kutali, kaya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Mpopoma mu Bulawayo, mutumizireni kope. Mapepala enieniwo asungeni m'pulasitiki pamalo ouma, makamaka nyengo ya mvula.