Wophunzira Udokotala Amene Adagonjetsa Mphindi Zinayi

Madzulo a pa 6 May 1954, anthu pafupifupi 3,000 adasonkhana pa bwalo la Iffley Road mumzinda wa Oxford ku Mangalande. Adadzaonerera mpikisano wa mailosi imodzi, ndiye kuti kuzungulira bwalo kanayi, ulendo uliwonse mayadi 440. Kufikira tsiku limenelo, panalibe munthu amene adathamangapo mtunda umenewu mosakwanitsa mphindi 4. Amene adayandikira koposa anali Gunder Hägg wa ku Sweden, yemwe mu 1945 adatha mphindi 4 ndi masekondi 1.4, ndipo padapita zaka 9 wopanda womuposa.

Munthu amene adathyola mpanda umenewu, Roger Bannister, sanali kudya za liwiro. Anali mnyamata wa zaka 25, wophunzira udokotala pa chipatala cha St Mary's ku London, ndipo malamulo a masiku amenewo sankalola wothamanga wonga iye kulandira malipiro. Tsono funso nali: munthu wotanganidwa ndi odwala ndiponso mabuku adakonzekera bwanji thupi lake? Yankho lili m'zinthu zitatu, ndizo kuyeserera, chakudya ndi kupumula.

Choyamba, kuyeserera. Bannister analibe nthawi yochuluka, motero ankagwiritsa ntchito nthawi ya nkhomaliro. Ankayesereranso ndi anzake awiri, Chris Brasher ndi Chris Chataway, pamodzi ndi mphunzitsi wawo Franz Stampfl, koma pa nkhomaliropo ankachoka kuchipatala kupita ku bwalo lina la ku Paddington. Zonse zinkatha ola lisanakwane. M'malo mothamanga mtunda wautali pang'onopang'ono, ankazungulira bwalo kamodzi mwaliwiro, n'kupumira pang'ono mphindi 2, n'kuyambanso, mpaka maulendo 10. M'nyengo yozizira adayamba ndi masekondi 66 pa ulendo uliwonse, ndipo m'kupita kwa miyezi ankachepetsa nthawiyo. Cholinga chinali chodziwikiratu: wofuna kutha mailosi pa mphindi 4 ayenera kuzoloweza thupi lake kuzungulira bwalo pa masekondi 60.

Nzeru ya kathamangidwe kotere ili mu mtima ndi m'minofu. Minofu ikamagwira ntchito imafuna mpweya wabwino umene magazi amanyamula kuchokera m'mapapo. Munthu akathamanga kwambiri, mtima umakakamizika kupopa magazi ambiri, ndipo akachita zimenezi mobwerezabwereza kwa milungu yambiri, mtimawo umakula mphamvu, n'kumatumiza magazi ochuluka pa kugunda kumodzi. Kupuma kwakufupi kuja kumathandiza munthu kuti abwereze liwirolo kambiri, kusiyana ndi mmene akadachitira akadathamanga osaima. Bannister ankazidziwa bwino izi, pakuti ali ku Oxford adafufuzapo za kapumidwe ka munthu pamene akuthamanga.

Chachiwiri, chakudya. Ena amaganiza kuti katswiri amadya zakudya zachilendo zimene munthu wamba sangazipeze. Komatu pa nthawiyo dziko la Britain linali lisanachire ku mavuto a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo nyama inkagulidwabe mwa muyeso wa boma mpaka mu July 1954. Pa tsiku lenileni la mpikisano, Bannister adadya phala m'mawa, ndipo masana adadya nyama ya nkhumba ndi masamba kunyumba kwa bwenzi lake ku Oxford. Chinali chakudya cha masiku onse, chimene m'mimba mwake mudazolowera.

Akatswiri a zaumoyo amafotokoza kuti zakudya zopatsa mphamvu, monga phala, buledi, mpunga ndi mbatata, zimasanduka shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo ndiwo mafuta oyamba kuyaka munthu akamathamanga. Zakudya zomanga thupi, monga nyemba, mtedza, mazira, nsomba ndi nyama, ndizo zimakonza minofu yotopa. Masamba ndi zipatso zimateteza ku matenda, pamene madzi amabwezeretsa zimene zatayika m'thukuta. Wothamanga amene amadya mtundu umodzi wokha amafanana ndi mmisiri amene ali ndi njerwa koma alibe dothi lomangira. Ayeneranso kudya padakali maola angapo mpikisano usanayambe, chifukwa mimba yodzaza imalanda magazi amene miyendo ikuwafuna.

Chachitatu, kupumula, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwa. Pofika mu April 1954, Bannister ndi anzake adakanirira pa masekondi 61. Ngakhale adalimbikira chotani, nthawiyo siinkatsika. Wina akadati awonjezere kuthamanga. Iye ndi Brasher adachita zosiyana: adasiya bwalo kwa masiku angapo n'kupita kukakwera mapiri ku Scotland. Atabwerako adayesanso maulendo 10 aja, ndipo adapeza kuti akutha uliwonse pa masekondi pafupifupi 59. Pambuyo pake, kutatsala masiku 5 kuti mpikisano uchitike, Bannister adaleka kuthamanga kotheratu.

Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo thupi la munthu limavomereza mawu amenewa. Kuyeserera kolimba kumang'amba timinofu ting'onoting'ono ndi kutha shuga wosungidwa uja. Mphamvu zatsopano sizibwera pamene munthu ali pabwalo ayi, koma pamene wakhala pansi, wadya, ndipo wagona tulo tokwanira. Pa nthawi imeneyo thupi limakonza zong'ambikazo n'kuzisiya zolimba kuposa kale. Wothamanga wokana kupumula amayamba kumva kuwawa m'mawondo ndi m'misongolo, amadwala kawirikawiri, ndipo liwiro lake limabwerera m'mbuyo, mwina mpaka kuvulala ndi kusiya masewerawo.

Tsikulo litafika, Bannister adayamba wapita kuchipatala m'mawa, adanola misomali ya nsapato zake zothamangira, kenaka adakwera sitima ya pamtunda kupita ku Oxford. Kunja kunali mphepo yamphamvu moti adatsala pang'ono kusintha maganizo, koma itayandikira 6 koloko mphepoyo idaleka. Brasher adatsogolera, ndipo theka la mtunda adalitha pa mphindi 1 ndi masekondi 58. Chataway adalandira utsogoleri pa ulendo wachitatu. Pa ulendo womaliza Bannister adamupitirira, nathamanga yekha mpaka pa chingwe, pomwe adagwera m'manja mwa anthu atatheratu. Wolengeza atangotchula kuti "mphindi zitatu", phokoso la anthu lidameza mawu otsalawo. Nthawi yake inali mphindi 3 ndi masekondi 59.4.

Ulemu umenewo sudakhalitse. Patangopita masiku 46, John Landy wa ku Australia adamuposa mumzinda wa Turku ku Finland, ngakhale kuti mu August chaka chomwecho Bannister adagonjetsa Landy atakumana maso ndi maso ku Vancouver. Mu 1999 Hicham El Guerrouj wa ku Morocco adathamanga mailosi pa mphindi 3 ndi masekondi 43.13 ku Rome. Bannister mwini wake adasiya mipikisano kumapeto kwa 1954, nakhala dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha, ndipo adamwalira mu 2018.

Mphunzitsi, mlimi kapena kalaliki amene amakonda liwiro koma amadandaula kuti alibe nthawi angatolepo kanthu pa nkhani imeneyi. Ola losakwana pa tsiku likhoza kukwanira, malinga ngati munthu adziwa chimene akufuna pa ola limenelo, adya zamitundumitundu, ndipo alola thupi lake kupumula likapempha.