Zinthu 13 za Loya wa ku Monroeville Zimene Anzanu Sakuzidziwa

Tiyeni tibetcherane. Funsani anzanu okonda mabuku ndi mafilimu kuti loya wotchuka kwambiri wa m'nthano za ku America ndi ndani. Ayankha msangamsanga kuti ndi Atticus Finch, wa m'buku la To Kill a Mockingbird. Kenako muwafunse za Amasa Coleman Lee. Muwaona akukanda m'mutu. Chonsecho Atticus uja anachokera mwa bambo amenewa. A Lee anali loya m'katauni ka Monroeville, m'chigawo cha Alabama, katauni kamene ngakhale lero anthu ake sapitirira kwenikweni 6,000. Anali bambo wa ana anayi, ndipo mzime wawo, Harper Lee, ndiye analemba bukulo. Khalani bwino, ndiyambe kukugawirani.

1. Loya ameneyu sanapondeko pakhomo la sukulu ya zamalamulo. Anabadwa mu 1880 ku Georgiana, ku Alabama komweko, nakulira pamunda kufupi ndi Chipley ku Florida. Sukulu anangoilawa zaka zochepa. Komabe akadali mnyamata anakhoza mayeso a uphunzitsi nayamba kuphunzitsa ana a eni ake. Atachoka m'kalasi anakhala kalaliki wosunga mabuku a ndalama pa kampani yocheka matabwa. Malamulo anawaphunzira yekha, powerenga ndi poonera maloya amene ankawagwirira ntchito. Mayeso a uloya anakhoza mu 1915, ali ndi zaka za m'ma 35. Inu amene mumati mwakula, sukulu inakupitani, mwamva?

2. Dzina loti Finch silinali la kubanja kwawo ayi. Linali la kuchikazi. Mkazi wawo, amene anakwatirana naye mu 1910, anali Frances Cunningham Finch. Tsegulani bukulo: banja la loya ndi la a Finch, ndipo banja la alimi osauka limene limalipira loyayo ndi zokolola ndi la a Cunningham. Mwana uja anatenga khalidwe la bambo ake n'kuliveka maina a mayi ake. Aliyense panyumbapo anapatsidwa kake.

3. Tangoganizani kuti anapambana milandu ingati ya kupha. Khumi? Isanu? Ndi ziro. Mu 1919, atangotha zaka zinayi pa uloya, khoti linawapatsa ntchito yoimira anthu awiri akuda, Frank ndi Brown Ezell, bambo ndi mwana wake, amene ankazengedwa mlandu wopha mzungu wina mwini sitolo. Ku Alabama ya masiku amenewo, munthu wakuda akamaimbidwa mlandu wopha mzungu, chigamulo chinkadziwika mlandu usanayambe. Anthu 12 ogamula mlandu ankakhala azungu okhaokha, amuna okhaokha. A Lee anayesetsa mmene akanathera, koma anagonja. Bambo ndi mwana wakeyo ananyongedwa. Zimenezi zinawalowa a Lee mpaka m'mafupa, moti kuyambira pamenepo sanalandirenso mlandu wa upandu moyo wawo wonse. Ndiye munthu amene dziko limamukumbukira ataimirira m'khoti kuteteza munthu wakuda, anachitadi zimenezo, kamodzi, n'kusiyira pomwepo. Atticus nayenso m'bukumo mlandu wake sapambana. Apa mwana sanawakometsere bambo ake.

4. Nanga zaka zonsezo ankadya chiyani? Mapepala. Kampani yawo ya maloya inkatchedwa Barnett, Bugg & Lee, ndipo ntchito yawo yeniyeni inali ya malo, misonkho, chuma cha masiye ndi za kampani ya sitima zapamtunda. Kufufuza kuti munda uwu mwini wake ndani, malire ake athera pati, ngongole iyi inabwezedwa kapena ayi. Palibe angajambule filimu ya zimenezo. Koma m'tauni yaing'ono, munthu amene amasunga wilo ya agogo anu, nadziwa ngongole za aliyense osaulula, ndiye amene anthu amamuvulira chipewa pamsewu.

5. Uloya wokha sunawakwane. Kuchokera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anali phungu m'nyumba ya malamulo ya Alabama. Ndipo kuyambira 1929 mpaka 1947 anali mwini wake komanso mkonzi wa nyuzipepa ya m'deralo, The Monroe Journal. Munthu mmodzi ankapanga nawo malamulo ku likulu la Montgomery, n'kubwera kudzawamasulira kwa makasitomala mu ofesi, n'kulembanso ndemanga pa malamulo omwewo mu nyuzipepa yake. Mukatsutsana nawo, kalata yanu yodandaula munkaitumiza kwa iwo omwewo.

6. Mphatso imodzi ya a Lee inabala alembi awiri otchuka. Nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala kamnyamata kena kakang'ono thupi, kolongolola, kamene makolo ake anakasiya kwa achibale. Kankasewera ndi Harper tsiku ndi tsiku. A Lee ataona kuti ana awiriwa amakonda kupeka nkhani, anawapatsa taipilaita yakale ya mtundu wa Underwood. Anawo ankasinthana, wina kunena, wina kugogoda. Kamnyamatako dzina lake? Truman Capote, amene anadzalemba Breakfast at Tiffany's ndi In Cold Blood. M'buku la Harper alimonso, ndiye Dill uja. Makolo, musafulumire kutaya katundu wakale wa mu ofesi.

7. Buku limene linawatchukitsa linalembedwa chifukwa mwana sanawamvere. A Lee ankafunitsitsa kuti Harper amalize maphunziro a zamalamulo ku University of Alabama, abwere adzakhale pa desiki pambali pawo. Mtsikanayo anasiya sukulu asanatenge digiri, ndipo mu 1949 anapita ku New York, komwe anakagwira ntchito yosungitsira anthu matikiti a ndege. Kwa bambo amene anavutikira yekha uloya, zimenezi zinali zowawa. Pa Khirisimasi ya 1956, anzake awiri, Michael ndi Joy Brown, anam'patsa ndalama zokwana malipiro a chaka chathunthu kuti asiye ntchito, azingolemba. Bukulo linatuluka mu July 1960, n'kulandira mphoto ya Pulitzer mu 1961. Lagulidwa makope oposa 40 miliyoni. Patsamba loyamba, mwana wosamvera uja analipereka kwa anthu awiri: bambo ake ndi mkulu wake Alice, maloya onse awiri amene anawathawa.

8. Mwana womvera analipo, ndipo anamvera mopitirira muyeso. Alice Lee, chisamba cha banjalo, anabadwa mu 1911. Analowa mu ofesi ya bambo ake m'zaka za m'ma 1940, nthawi imene loya wamkazi ku Alabama ankachita kumuloza ndi chala. Mukuganiza kuti anapuma ntchito ali ndi zaka zingati? 60? 70? Onjezerani. Ankapitabe ku ofesi mpaka atakwanitsa zaka 100, atavala suti ndi nsapato za tenesi. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 103. Mng'ono wake ankamunena kuti ndi Atticus wovala siketi.

9. M'bukumo Atticus ndi bambo wofedwa, wolera yekha ana awiri. A Lee analera ana awo mkazi wawo ali moyo, ngakhale kuti mayiwo ankadwaladwala ndipo zambiri za pakhomo zinkagwera bambo. Maliro anadzabwera ana atakula, ndipo anabwera awiri. Mu June 1951 mayi Frances anamwalira. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, mwana wawo yekhayo wamwamuna, Edwin, anamwalira mwadzidzidzi mtsempha wa mu ubongo utaphulika, ali ndi zaka 30. Zitatero a Lee anachoka m'nyumba yakale ya mu msewu wa South Alabama Avenue. Mukapita lero kukafuna nyumba imene Harper Lee anakuliramo, simuipeza. Inagwetsedwa, ndipo pamalopo pali kashopu kogulitsa ayisikilimu ndi mabega, dzina lake Mel's Dairy Dream.

10. Gwirani mpando, chifukwa iyi anthu ambiri safuna kuimva. Kwa zaka zambiri za moyo wawo, a Lee ankagwirizana ndi malamulo olekanitsa azungu ndi anthu akuda. Inde, iwo omwewo. Mu nyuzipepa yawo ankadzudzula zoti gulu la anthu lizipha munthu popanda kumuzenga mlandu, koma ankakananso kuti boma la ku Washington lilowerere pa nkhani za ku Alabama. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mbusa wachinyamata wa mpingo wawo wa Methodist, Ray Whatley, anayamba kulalikira za chilungamo pakati pa mitundu. A Lee, amene mawu awo ankalemera mumpingomo, anamuuza kuti asiye za ndale, azilalikira uthenga wabwino basi. Mbusayo sanakhalitse pampingopo. Koma nkhani sinathere apo. Malinga ndi zimene Alice ankafotokoza, bambowo anasintha maganizo atakalamba, m'zaka zomwezo zimene Harper ankalemba buku lake. Ine pa zonse 13, imene imandigwira mtima ndi imeneyi. Kukhala wolungama m'buku n'kosavuta, wolemba amangokulembera. Koma munthu wa zaka zoposa 70, wolemekezeka m'tauni yonse, kusiya zimene wakhulupirira kuyambira ubwana, zimenezo sizichitika kawirikawiri. Owerenga ambiri anadzidzimuka mu 2015 pamene buku lina la Harper, Go Set a Watchman, linatuluka lili ndi Atticus wokalamba, wolankhula zatsankho. Anafuula kuti wawonongedwa. Chonsecho buku limenelo ndi limene linayamba kulembedwa, m'zaka za m'ma 1950. Atticus wa zipsera ndiye woyamba, woyera uja anabwera pambuyo.

11. Bukulo litatchuka, anthu anayamba kuwaimitsa pamsewu kuti awasainire. Mukuganiza kuti ankalemba dzina liti? Nthawi zina ankangolemba kuti Atticus. Chakumayambiriro kwa 1962, katswiri wa mafilimu Gregory Peck anafika ku Monroeville kudzaona munthu amene ankati adzamutsanzire m'filimu ya bukulo. Anaphunzira kayendedwe kawo ndi chizolowezi chawo choseweretsa wotchi ya m'thumba akamaganiza. Peck ankakonda kusimba kuti tsiku loyamba kujambula anaona misozi ikulengeza m'maso mwa Harper, iye n'kuganiza kuti luso lake lamufika pamtima. Atafunsa, Harper anati chamuliza ndi kamimba ka Peck, kofanana ndi ka bambo ake. Peck anayankha kuti si kamimba ayi, ndi luso la sewero. A Lee sanaione filimuyo. Anamwalira mu April 1962, ali ndi zaka 81, ndipo filimu inatuluka mu December chaka chomwecho.

12. Wotchi ija ili ndi nkhani yakeyake. Bambo ake atamwalira, Harper anaipereka kwa Peck. Usiku wa mu April 1963 pamene ankalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha sewero la Atticus, Peck anali nayo. Mphatso yotere mungaisunge kuti? Peck anaiika m'chikwama paulendo, ndipo inabedwa pa bwalo la ndege la Heathrow ku London. Anachita mantha kumuuza mwini mphatso. Atalimba mtima n'kuulula, Harper sanakwiye, anangoti inali wotchi chabe. Ubwenzi wawo unapitirira, moti mdzukulu wina wa Peck anapatsidwa dzina loti Harper. Mu 2003 bungwe la American Film Institute linasankha Atticus kukhala ngwazi yoposa onse m'mafilimu a ku America, kuposa Indiana Jones ndi James Bond. Wa mapepala a minda uja anagonjetsa kazitape wa mfuti. Wotchiyo mwina ikadali kwinakwake, ndipo n'kutheka kuti amene ali nayo sadziwa n'komwe kuti wanyamula chiyani.

13. Khoti lakale la Monroeville, la m'chaka cha 1903, lija Harper ankakhala pakhonde la m'mwamba kuonerera bambo ake, analitsanzira ku Hollywood pojambula filimu. Lero ndi nyumba yosungiramo zakale. Kuyambira 1991 anthu a m'tauniyi amachitiramo sewero la bukuli, ndipo ogamula mlandu amawatenga pakati pa oonerera, amuna achizungu okhaokha, monga zinkakhalira kale. Alendo amabwera, amalira, amagula mabuku. Tsopano mverani izi. Mu 1986 mtsikana wachizungu anaphedwa m'tauni yomweyi. Apolisi anamanga bambo wakuda, Walter McMillian, ngakhale kuti anthu ambiri ankachitira umboni kuti tsikulo anali kwawo pa chochitika cha mpingo chokazinga nsomba. Mlandu unazengedwa m'boma lina, tsiku limodzi ndi theka basi. Ogamula anati akhale m'ndende moyo wake wonse, koma jaji anakana, nati aphedwe. Anadzamupulumutsa ndi loya wachinyamata wakuda, Bryan Stevenson, amene anasonyeza kuti mboni yaikulu inanama, ndipo McMillian anamasulidwa mu 1993. Werengetsani zakazo nokha. Pamene tauni ya a Lee inkayamba kugulitsa matikiti a sewero la munthu wakuda wonamiziridwa, wonamiziridwa weniweni wa kwawo komweko anali m'chitolokosi, akudikira tsiku lake.