Thumba la masheya la ku London lomwe limagwira ntchito ku Vietnam

Ambiri a ife tinamvapo za National Investment Trust, kampani ya pa msika wa masheya wa ku Blantyre yomwe ntchito yake ndi kugula masheya a makampani ena. Kunja kuli makampani otere omwe amayang'ana dziko limodzi lachilendo basi. Tione imodzi mwa iwo, Vietnam Enterprise Investments.

Mu 1986 dziko la Vietnam linayamba kulola anthu kuchita malonda paokha, ndipo mu 1994 America inachotsa chiletso cha malonda ndi dzikolo. Chaka chomwecho kunabadwa kampani ya Dragon Capital, yomwe inakhazikitsa thumbali mu 1995. Nthawi imeneyo ku Vietnam kunalibe msika wa masheya. Msika wa ku Ho Chi Minh City unatsegulidwa mu 2000 ndi makampani awiri okha. Mu 2016 thumbali linalowa pa msika waukulu wa ku London, kotero kuti munthu wa ku Britain atha kukhala ndi gawo m'makampani a ku Vietnam osapondako phazi.

Kayendetsedwe kake nkotere: thumba limasonkhanitsa ndalama pogulitsa masheya ake, kenako akatswiri amagulira ndalamazo masheya a ku Vietnam. Wofuna kutuluka sapita kukaitanitsa ndalama zake ku thumbalo, koma amagulitsa masheya ake kwa munthu wina pa msika. Ogula akachepa, mtengo umatha kutsika kuposa chuma chenicheni chomwe thumbalo lasunga. Ndalama ya ku Vietnam, dong, ikagwa mphamvu poyerekeza ndi paundi, mwini masheya amaluzanso.

Kwa ife Asilamu pali funso lina lalikulu: kodi m'thumbamo muli chiyani? Muli makampani monga FPT wa zamakompyuta ndi Hoa Phat wopanga zitsulo, koma gawo lalikulu lakhala lili m'mabanki omwe phindu lawo limachokera ku chiwongoladzanja, chomwe ndi riba. Wogula sheya ya thumbali amakhala mwini wa kachigawo ka mabankiwo, ngakhale dzina la banki silioneka pa pepala lake.

Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain linaika miyezo yoyesera masheya. Ntchito yeniyeni ya kampani ikhale ya halaal, ngongole zake zachiwongoladzanja zisapitirire 30 peresenti ya mtengo wake pa msika, ndipo ndalama zolowa kuchokera ku zoletsedwa zisapitirire 5 peresenti. Banki yobwereketsa pa chiwongoladzanja imalephera pa muyezo woyamba womwe.

Choncho m'bale wathu wa ku Leicester kapena ku Johannesburg akatiuza za thumba lililonse, tiyambe tawerenga mndandanda wa makampani omwe lagulamo masheya. Mndandandawo umapezeka m'lipoti la pachaka. Tikatero tipite nawo kwa shehe wodziwa za chuma tisanatulutse ndalama.