Kanchenche Kamene Kanaphunzitsa Madotolo za Mitsempha

Aliyense amadziwa tinchenche tating'ono timene timazungulira nthoci kapena mango akupsa. Tinchenche timeneti, tochedwa Drosophila, tathandiza akatswiri kumvetsa mmene mitsempha ya munthu imagwirira nchito.

M'thupi la camoyo ciliconse muli malangizo obadwa nao ochedwa ma gene. Akatswiri anapeza tinchenche tina timene gene imodzi yokha inasintha. Akatigoneka ndi mankhwala a ether, miyendo yake imanjenjemera, pamene tinzake timangogona duu. Ndiye cifukwa cake gene imeneyi anaicha Shaker.

Kodi cimacitika ndi ciani? Mtsempha umatumiza uthenga ndi mphamvu yaing'ono ya magetsi. Poyamba mcere wa sodium umalowa mu mtsempha, ndipo uthenga umanyamuka. Kenaka timakomo tina timatseguka kuti potassium atuluke, ndipo mtsempha umapumula. Gene ya Shaker ndiyo imapanga tina mwa timakomo ta potassium. Ikaonongeka, potassium satuluka msanga, uthenga umatalika kopitirira, mnofu umalamulidwa mobwerezabwereza, mwendo n'kuyamba kunjenjemera.

Mu 1987, gulu la Lily Jan ndi Yuh Nung Jan ku San Francisco linapatula gene imeneyi, ndipo izi zinatsegula njira yopezera yofanana nayo mwa anthu, yochedwa KCNA1. Mu 1994 kunadziwika kuti KCNA1 ikasintha, munthu amadwala matenda a m'banja omwe amamcititsa kudzandira ndi kunjenjemera kwa kanthawi. Ena mwa odwalawa amagwanso khunyu. Mu 2005 akatswiri a ku Wisconsin anaonanso kuti tinchenche tina ta Shaker timagona pang'ono kwambiri, ndipo sitikhala ndi moyo nthawi yaitali.

Phunziro kwa mabanja ndi lakuti khunyu ndi nthenda ya bongo, imene imabwera mitsempha ikatumiza mauthenga mosalekeza. Zoiyambitsa ndi zambiri: cibadwa, malungo a m'bongo, kuvulala m'mutu, kapena mavuto pa nthawi yobadwa. Sikuti munthuyo walodzedwa, ndipo nthendayi sipatsirana kudzera m'malovu.

Munthu akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mgonekeni cam'mbali, ndipo musamuike supuni kapena cala m'kamwa. Kugwako kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye ku cipatala. Mankhwala monga phenobarbitone ndi carbamazepine amathandiza ambiri, malinga ngati akumwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa.