Khodi ndi yathu, koma tikukambirana m'nyumba ya lendi

 Lero mlendo palibe, ndili ndekha, ndiye mupirire nane. Nkhani ndabwera nayo ndi ya mapulogalamu a pa kompyuta. Musathawe inu amene simulemba khodi. Ngati muli pa gulu lililonse la pa foni, la mpingo, la maliro kapena la chipereganyu, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndiyambe ndi mawu oti open source, chifukwa timawamva kwambiri. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi malangizo amene anthu analemba ouza kompyuta zochita. Malangizo amenewo ndiye khodi. Makampani ambiri amabisa khodi yawo: iwe umangogwiritsa ntchito, koma mmene zinaphikidwira sudziwa. Pulogalamu ya open source ndi imene eni ake anaika khodi poyera, n'kupereka chilolezo choti aliyense aiwerenge, aisinthe ndi kugawira ena. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndi yotero, ndipo ngati foni yanu ndi ya Android ndiye kuti Linux muli nayo m'thumba. Kumudzi nakonso zilipo. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala pa DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo. Ku Neno, a Partners In Health amasunga mbiri ya odwala pa OpenMRS. Zonsezi ndi zotsegula.

Koma khodi payokha si pulojekiti. Pamafunika anthu okambirana: ichi tichotse, ichi chikulakwitsa, ichi tinachipanga chonchi chifukwa chakuti. Ndiye funso langa lero ndi loti, anthu amenewa amakambirana kuti? Ambiri masiku ano ali pa Slack, pa Discord, pa WhatsApp kapena Telegram. Malo amenewa ali ndi eni ake. Makina amene amasunga mauthengawo ndi a kampani, malamulo amaika ndi kampani, ndipo ikhoza kuwasintha osakufunsani.

Ife a ku Dublin chitsanzo tili nacho pafupi. Mukudziwa mmene lendi imawawira kuno. Mipando ndi yako, mapoto ndi ako, koma nyumba ndi ya landilodi. Tsiku lina umangolandira kalata yoti akufuna kugulitsa. Chodabwitsa n'choti malandilodi a pa intaneti ambiri ndi maneba athu: Google ili ku Barrow Street, Meta, mwini wa WhatsApp, ili ku Ballsbridge, ndipo Salesforce, imene inagula Slack mu 2021 pa madola 27.7 biliyoni, nsanja yake ili ku Spencer Dock m'mbali mwa mtsinje wa Liffey.

Ndikuuzeni zimene zinatigwera ifeyo. Tilipo anthu asanu, atatu kuno, awiri ku Lilongwe, amene tinapanga kapulogalamu kolembera zopereka za gulu la maliro. Mukudziwa kuti munthu akamwalira kuno, kutumiza thupi kumudzi ndi ndalama zambiri, ndiye anthu amasonkha mwezi ndi mwezi, ena m'mayuro, ena m'makwacha. Khodi tinaiika poyera kuti magulu ena atengeko. Zokambirana zathu zonse zinali pa malo ena ochezerana a kampani, dzina lake tilisiye. Amene anatsegula malowo anali achimwene ena amene analembetsa ndi imelo ya kuntchito kwawo.

Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, tinakangana masiku angapo: munthu amene watumiza ndalama Lachitatu koma zafika Lachisanu, tiwerengere mtengo wa tsiku liti? Tinagwirizana, tinalemba mu khodi, basi. Patapita miyezi, achimwene aja anasintha ntchito, imelo ija inatsekedwa, ndipo palibe wina mwa ife amene anali ndi mphamvu yokopera zokambiranazo. Tinasamukira kwina manja ali m'thumba. Kenako mayi ena a m'gulu la maliro anadandaula kuti awawerengera zochepa. Tinatsegula khodi, inatiuza zimene imachita, koma chifukwa chake sinatiuze. Aliyense wa ife ankakumbukira zosiyana. Ndinachita manyazi, chifukwa ndalama za maliro si zoti uziyankha kuti kaya. Vuto linali lathu, tinasunga nzeru za gulu pamalo amene kiyi wake anali ndi munthu mmodzi, m'nyumba ya eni.

Ndiye tiyeni tione bwinobwino zimene zimatayika. Choyamba ndi chikumbumtima cha gulu, ndikutanthauza mbiri ya zimene munagwirizana. Tengani Slack yaulere. Kale inkakuonetsa mauthenga 10,000 omaliza. Kuyambira Sepitembala 2022 imangoonetsa a masiku 90 apitawa, ndipo kuyambira Ogasiti 2024 mauthenga opitirira chaka chimodzi amafufutidwa. Kampaniyo sinabise, inalengeza, ndipo ndi ufulu wake. Koma pulojekiti ya anthu ongodzipereka, yopanda ndalama zolipirira munthu aliyense mwezi ndi mwezi, imakhala ngati gogo amene amaiwala zonse zadzana.

Chachiwiri ndi kusapezeka. Funso likayankhidwa pa Discord kapena pa gulu la WhatsApp, munthu wofufuza pa Google sangalipeze. Ayenera kutsegula akaunti, apeze womulowetsa, kenako afunse funso lomwelo limene anthu khumi anafunsa kale. Amene amayankha amatopa, ndipo wophunzira wa ku Mzuni kapena ku MUBAS amene bandulo yake ikutha amangosiya.

Chachitatu ndi chitseko: ndani amaloledwa kulowa? Mu Disembala 2018 Slack inatseka maakaunti a anthu amene inkawaganizira kuti ali m'mayiko ngati Iran, potsatira ziletso za boma la America, ndipo ena mwa iwo ankakhala mayiko ena. Kampaniyo inapepesa n'kubweza maakaunti ambiri. Mu 2019 GitHub, imene Microsoft inagula mu 2018, inachepetsa zimene anthu a ku Iran, Syria ndi Crimea angachite pamenepo. Mu Okutobala 2024 maboma a Russia ndi Turkey anatseka Discord m'mayiko mwawo. Tangoganizani, chilolezo cha pulogalamu chikuti aliyense ndi wolandiridwa, koma pakhomo pali mlonda amene sanalembedwe ntchito ndi gululo. Ife amene tinaimapo pamzere wa viza tikudziwa mmene zimamvekera.

Nkhaniyi si yatsopano ayi. Kuyambira 2002, anthu olemba Linux ankasunga ntchito yawo pa BitKeeper, pulogalamu ya kampani imene ankaigwiritsa ntchito ulele. Mu 2005 panabuka kusamvana, kampaniyo inachotsa mwayi waulerewo. Torvalds anakhala pansi mu Epulo chaka chomwecho n'kuyamba kulemba Git, imene lero pafupifupi aliyense wolemba khodi amaigwiritsa ntchito. Zinatha bwino, koma si gulu lililonse lili ndi Torvalds wake.

Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi cha Freenode. Kwa zaka zambiri, mapulojekiti otsegula ankachezera pamenepo pogwiritsa ntchito IRC, njira yakale yotumizirana mauthenga imene ilibe mwini. Mu Meyi 2021 panabuka mkangano wa umwini, anthu odzipereka amene ankayendetsa malowo anatula pansi maudindo n'kuyambitsa Libera Chat. Pasanathe milungu yambiri, Ubuntu, Fedora, Wikimedia ndi ena anali atasamuka. Taonani phunziro lake: ngakhale malo otsegula akhoza kulandidwa. Kusiyana kwake n'koti poti njirayo inali ya aliyense, anthu anangosintha adiresi, mapulogalamu awo ochezera n'kukhala omwewo. Ndiye funso lenileni si loti kampani ndi yoipa kapena yabwino. Funso ndi loti, zikavuta, mungathe kunyamula katundu wanu?

Mwina wina akuti, mesa kuno ku Ulaya kuli GDPR? Zoona, lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo ofesi ya Data Protection Commission yomwe ili mu Dublin muno ndi imene imayang'anira makampani ambiri akuluakuluwa. Mu Sepitembala 2021 inalipiritsa WhatsApp chindapusa cha mayuro 225 miliyoni. Koma lamuloli limateteza iweyo ngati munthu, kuti upemphe zokhudza iweyo. Silikakamiza kampani kusunga mbiri ya gulu lanu mpaka kalekale.

Tsono ndisaname, malo a makampaniwa amakoma. Amagwira bwino pa foni, anthu ali kale pomwepo, ndipo palibe amene amadzuka usiku kukonza seva. Kumudzi kulinso nkhani ya mabandulo: Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp otchipa kusiyana ndi a intaneti wamba. Ukauza mnzako wa ku Kasungu kuti tichoke pa WhatsApp tipite kwina, wamuuza kuti awonjezere ndalama. Ife okhala ndi Wi-Fi m'nyumba tisamaiwale zimenezo. Ndipo kuyendetsa seva yanuyanu kumafuna ndalama, nthawi, ndi munthu wothamangitsa achipongwe.

Komabe njira zilipo. Mozilla, amene amapanga Firefox, anasamukira ku Matrix mu 2020. Olemba chilankhulo cha Rust amakambirana pa Zulip. A Python, a OpenMRS ndi a DHIS2 ali ndi mabwalo awo pa Discourse, pamene funso loyankhidwa lero limapezekabe patapita zaka, ngakhale kwa munthu wopanda akaunti. Zonsezi khodi yake ndi yotsegula, ndipo mukhoza kukopera zanu n'kukaziika pa makina ena.

Ife asanu sitinachoke pa malo a makampani, timachezabe pomwepo. Tinangosintha zinthu zitatu. Chilichonse chimene tagwirizana, makamaka chokhudza ndalama, timachilemba mu fayilo imene imakhala pamodzi ndi khodi: tsiku, zimene tasankha, ndi chifukwa chake. Maadimini ndi atatu, aliyense ndi imelo yakeyake, osati ya kuntchito. Ndipo kumapeto kwa mwezi mmodzi wa ife amakopera zonse n'kusunga. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mayi aja tinakawapepesa, ndipo komiti ya gululo inakhalanso pansi n'kugwirizana lamulolo mwatsopano, ulendo uno molemba.

Ndiye ntchito ndikukupatsani sabata ino ndi iyi. Tsegulani gulu limene mumalidalira kwambiri, kaya ndi la khodi, kaya la kwaya, mudzifunse: adimini ndi ndani, akachoka mawa chingachitike n'chiyani, ndipo zimene tinagwirizana chaka chatha ndingazipeze kuti? Ngati yankho ndi loti zili penapake m'mwambamu mu chati, lankhulani ndi anzanu lero lomwe.

 Mutiuze mmene gulu lanu limasungira zinthu zake, makamaka inu amene muli kumudzi, chifukwa ndikufuna gawo lotsatira tidzamve za mabandulo kuchokera kwa eni ake. Tsalani bwino, ndipo a ku Dublin musaiwale jekete.