Tenti ya Lona, Primus ndi Nyali Zakale

Nyengo ya tchuthi ikayandikira, achinyamata ambiri amayamba kukonzekera maulendo okagona kutchire. Ena amakakwera phiri la Mulanje kapena la Zomba ndi anzawo a kusukulu, ena amapita kumisasa ya achinyamata m'mbali mwa nyanja. Makolo amene anayendako maulendo otere zaka makumi anayi kapena asanu zapitazo akayang'ana katundu wa ana awo amangopukusa mutu. Tenti yonse yakwana m'kathumba konga ka shuga, nyali ndi kakang'ono komanga pamphumi, sitovu ikubisika m'dzanja. Kwa iwo zonsezi n'zidole. Ndipo si kwathu kuno kokha kumene mitima ikubwerera m'mbuyo. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasakasaka masitovu akale a Primus, nyali za Tilley ndi zikwama za lona, nazigula pa mtengo wokwera, nazipukuta mpaka kunyezimira. Kodi chimene anthu ameneŵa akuchilira n'chiyani makamaka?

Tiyambe ndi tenti. Matenti akale anali a lona, nsalu yokhuthala yolukidwa ndi thonje. Pamene Robert Baden-Powell anatenga anyamata okwana ngati 20 kukagona nawo pa chilumba cha Brownsea ku England mu August 1907, msasa umene unabala gulu la ma Scout, anagona m'matenti a asilikali ozungulira, okhala ndi mzati umodzi pakati. M'tenti yotere ogona amalozetsa mapazi kumzati, mitu kukhoma, ndipo palibe angatuluke usiku osaponda mnzake.

Lona ili ndi khalidwe lake, ndipo wosalidziŵa amagona m'madzi. Mvula ikayamba, ulusi wa thonje umamwa madzi nufufuma, timipata tonse n'kutsekeka. N'chifukwa chake tenti yatsopano imayamba yadontha pang'ono kenaka n'kuleka yokha. Koma wina akangogunda denga ndi mutu kapena kulikhudza ndi chala mvula ili mkati, madzi amatsata pomwepo, ndipo amadontha mpaka kucha. Zingwe zake zinali za khonje kapena zina zonga zomwezo, zimene zimafupika zikanyowa. Choncho kusanade pankakhala mmodzi wozungulira kukhwefula zingwe zonse, kuopa kuti mame kapena mvula ya usiku ingazule zikhomo. Tenti yonyowa sankaipinda n'kuiika m'nyumba, pakuti imachita chuku niola. Mnyamata amene anagona m'tenti yotere sabata imodzi ankabwerako akudziŵa kumanga mfundo, kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndi kukumba kangalande kopatutsa madzi.

Koma mfumu ya katundu yense inali Primus. Sitovu imeneyi anaipanga Frans Wilhelm Lindqvist wa ku Sweden m'chaka cha 1892, ndipo inatchuka chifukwa inkayaka palafini popanda chingwe ndiponso popanda mwaye. Roald Amundsen anainyamula pa ulendo wake wokafika ku South Pole mu 1911, ndipo inalinso m'katundu wa gulu la Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay pokwera phiri la Everest mu 1953. Kwathu kuno inkapezeka m'nyumba za aphunzitsi ndi makalaliki, ndiponso m'zipatala zazing'ono kumene ankaŵiritsira majekeseni.

Kuyatsa Primus unali mwambo, ndipo achinyamata amene sanauonepo amve. Mumayamba mwathira sipiliti m'kambale kakang'ono kamene kali pansi pa mutu wa sitovuyo, n'kuyatsa. Sipilitiyo akamayaka amatenthetsa timapaipi ta mutuwo. Akatsala pang'ono kuzima, mumatseka potulukira mpweya n'kuyamba kupopa. Mpweya umakankha palafini kukwera m'timapaipi totentha tija, m'menemo amasanduka nthunzi, natulukira pa kabowo kochepa ngati diso la singano, nayaka laŵi la buluu ndi mkokomo womveka kutali. Wopupuluma, amene wapopa mutu usanatenthe, amalandira malipiro ake pomwepo: palafini amatumphuka ali wamadzi, laŵi lachikasu limakwera mpaka kuŵaula nsidze, mphika wonse bii ndi mwaye. Kabowo kaja kakatseka pali kawaya kake kotokosera. Pampu ikaleka kugwira, mlandu umakhala wa kachikopa ka mkati kamene kauma; mumakapaka mafuta, ndipo kakatheratu mumadula kena ku lilime la nsapato yakale. Mwendo ukagweduka, mmisiri wokhoma zidebe pamsika amaumata.

Apa mpamene pagona nkhani. Munthu wamba ankatha kuchimvetsa chipangizo chonse, kuchimasula, kuona chavuta, ndi kuchikonza ndi manja ake. Sitovu imodzi inkaphikira bambo, kenaka mwana, mwinanso mdzukulu. Nyali ya Tilley inkagwira ntchito mwa njira yomweyo ya kupopa, ndipo inkaŵala kwambiri kotero kuti gulu lonse linkatha kuŵerenga pansi pake, ngakhale kansalu kake koŵala kankaphwanyika ndi kugwedeza pang'ono chabe. Nyali wamba ya galasi, yosazima ndi mphepo, inkangofuna kudula chingwe bwino ndi kupukuta galasi madzulo alionse. Ndiponso popeza nyali inali imodzi ndi sitovu imodzi, anthu ankasonkhana malo amodzi. Lero aliyense ali ndi tochi yake pamphumi, ndipo akatembenuka kuti akulankhuleni amakuthobwani m'maso.

Mbiri ya chikwama chakumsana nayo n'njosangalatsa. M'chaka cha 1908 Ole Bergan wa ku Norway, atatupa msana ndi thumba lake pa ulendo wokasaka nyama, anapinda nthambi ya mtengo naimangirira kuthumbako kuti katundu asamamukhuze. Pambuyo pake anapanga chimango chachitsulo, ndipo zikwama za Bergan zinafala mpaka kwa asilikali. Mu 1952 Dick Kelty ndi mkazi wake Nena, a ku California, anayamba kupanga kunyumba kwawo zikwama za chimango cha aluminiyamu, bambo akupinda zitsulo, mayi akusoka. Chaka choyamba anagulitsa 29 zokha. Nzeru imene inatchukitsa zikwama zimenezi inali lamba wa m'chiuno, amene amachotsa kulemera pamapewa n'kukutsitsira m'chiuno. Mu 1967 Greg Lowe anabisa chimangocho mkati mwa chikwama, ndipo zikwama zambiri za masiku ano n'zidzukulu za chimenecho.

Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Katundu wakaleyo anali wolemera, ndipo ife a dziko lino tili ndi chifukwa chofunsira kuti ankasenza ndani.

M'nthaŵi ya atsamunda, bwana wa boma kapena mmishonale akanyamuka ulendo (azungu a m'Nyasaland anafika potengera liwu lomweli la "ulendo" m'chinenero chawo), pambuyo pake pankandanda mzere wa amtengatenga. Wina wasenza tenti, wina bedi lopinda, wina tebulo ndi mpando, wina bafa la lona, ena mabokosi a zakudya za m'zitini. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera mapaundi 50 kapena kuposa, ndipo mwini ulendo kaŵirikaŵiri ankakhala ali gone m'machila, amuna ena akusinthana pomunyamula. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino okwana ngati 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ochuluka anatsala m'njira chifukwa cha njala ndi matenda. Kukoma kwa tenti ya lona kumene timaŵerenga m'mabuku a masiku amenewo analemba ndi munthu amene ankafika madzulo n'kupeza tenti yaima kale, tiyi ali pamoto. Amene anaisenza itanyowa, nkhata ili pamutu, sanafunsidwe maganizo ake.

Tsono makolo athu anali nawo katundu wawo wa paulendo, amene osaka zinthu zakale samutchula. Amuna amene ankayenda pansi milungu ingapo kukafuna ntchito ku Harare, kumene panthaŵiyo kunkatchedwa Salisbury, kapena kupitirira mpaka ku Joni, ankanyamula bulangeti limodzi, mkeka, kamphika, ufa ndi mchere, kamba wa chimanga chokazinga ndi mtedza, nsupa ya madzi, mpeni ndi kankhwangwa. Dzuŵa likapendeka ankadula nthambi n'kumanga msasa, moto n'kusonkha pakhomo kuopa zilombo. Liwu la "msasa" limene achinyamata akulitchula lero linachokera kumeneko. Azungu ndi Amerika akhala zaka zambiri akuchepetsa kulemera kwa katundu wawo, ndipo akuyandikira pamene agogo athu anali kale.

Amene akufuna kulaŵa kayendedwe kakale akhoza kukapeza pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Pamwamba pake pali tinyumba togonamo okwera phiri, monga ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, tokhala ndi malo osonkhapo moto ndi mlonda wake. Pa Lichenya palinso kanyumba ka mpingo wa CCAP. Bungwe la okwera mapiri limene linayamba mu 1952, lomwe tsopano limatchedwa Mountain Club of Malawi, lakhala likuthandiza kusamala tinyumbati. Okwera akale amakumbukira fungo la nkhuni za mkungudza m'tinyumba timeneti usiku wa chiperoni. Fungo limenelo tingolikumbukira basi, pakuti mkungudza wa Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watha pafupifupi wonse chifukwa cha ocheka matabwa mozembera lamulo ndi moto wolusa. Paphiri pomwepo pali anyamata onyamulira alendo katundu kufikira lero, ndipo kwa iwo tenti yopepuka si chidole ayi.

Tinene chilungamo: katundu watsopano wapambana pa zambiri. Tenti ya nayiloni ya anthu aŵiri mwana wa sukulu amanyamula yekha, ndipo ili ndi pansi pake posokereratu ndi ukonde woletsa udzudzu, chinthu chimene m'dziko la malungo sitingachipeputse. Kuyambira pamene Bob Gore anatulukira mu 1969 nsalu imene imatchinga mvula koma nilola nthunzi ya thukuta kutuluka, munthu akhoza kuyenda tsiku lonse m'mvula osanyowa kwenikweni. Tochi sitentha tenti monga inkachitira nyali ikagubuduzika.

Chimene katundu watsopano amalephera n'kukalamba bwino. Nayiloni imafooka ndi dzuŵa. Phula limene amapaka mkati mwa tenti kuti isadonthe limayamba kumata ndi kununkha pakapita zaka, kenaka limasupuka, ndipo palibe telala angalibwezere. Zitini za gasi sizidzazidwanso. Zikatha zimatayidwa, ndipo zina zimatsala m'mapiri momwemo. Kuwonjezera apo, katundu wambiri wotere amatipeza kudzera pa kaunjika, atatha kale theka la moyo wake kwina.

Choncho kholo limene likugulira mwana katundu wa kumsasa lisamangoona mtundu ndi dzina. Tenti ya pa kaunjika muitambasule, muyang'anitse kudzuŵa, mupapase mkati; ngati ikumata kapena ikuyoyoka ngati chikanga cha nsima, isiyeni ngakhale mtengo utsike. Zipi yofa si vuto, telala amasintha. Pa chikwama muyang'ane lamba wa m'chiuno ndi misoko ya pamapewa, pakuti mpamene chimayambira kung'ambika. Gulu la achinyamata limene limamanga msasa malo amodzi, galimoto ikufika pomwepo, lichita bwino kusunga tenti yaikulu ya lona: imazizira masana, imapirira dzuŵa, ndipo wosoka nsapato aliyense amaiika chigamba. Okwera phiri atenge yopepuka.

Ngati m'nyumba mwanu mukadali Primus imene yachita fumbi pamwamba pa kabati, itsitseni. Tayani palafini wakale, tsukani mkati ndi watsopano, pakani mafuta kachikopa ka pampu, ndipo muone ngati chotsekera chake sichikutulutsa mpweya. Musathiremo petulo ngakhale pang'ono, pakuti imaphulika. Muiyese panja, kutali ndi udzu, mwana akuonerera mpaka atatha kuiyatsa yekha. Ndipo kaya ndi Primus, kaya ya gasi, kaya mbaula ya makala, isayake m'tenti yotseka ngakhale kunja kuzizire chotani, chifukwa mpweya wake woipa ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo.