Kodi Tizilipira ku Chipatala cha Boma?

Mkangano umenewu ndi wakale, ndipo umabuka nthawi iliyonse thumba la Boma likaphwa. Ine ndine wa ku Ndirande, choncho ndiufotokoza monga ukukhudzira anthu akwathu, omwe ambiri mwa iwo amadya za tsiku lomwelo.

Kuno ku Malawi chithandizo cha m'zipatala za Boma nchaulere. Zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, monga Mlambe ku Lunzu ndi St Joseph's ku Nguludi, zimalipiritsa ngakhale kuti Boma ndilo limalipira antchito ake ambiri. Chaulerechi chimadalira msonkho ndi thandizo la maiko akunja. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, abwenzi athu akunja anasiya kuponya ndalama mu bajeti ya Boma, ndipo zipatala zinamva kuwawa. Mu 2015 Boma la Peter Mutharika linatulutsa maganizo okonzanso ntchito zaumoyo: kukhazikitsa thumba lapadera la zaumoyo, kuyambitsa inshuwalansi ya dziko lonse, kupatsa zipatala zikuluzikulu mphamvu zodziyendetsa zokha, ndi kuunikanso mgwirizano wa Boma ndi CHAM.

Amene amafuna kuti tizilipira si anthu ouma mtima ayi. Akuti chaulere chathuchi nchapakamwa chabe, popeza dokotala akakulembera mankhwala omwe kulibe, umakagulabe ku famase ndi ndalama zako. Akutinso mwini sitolo wa pa msika wa Ndirande, amene angathe kulipira, asamadye nawo mankhwala a mayi wogulitsa mandasi. Iye apite ku wodi yolipira, kapena alowe MASM, ndipo ndalama zakezo zigulire ena mankhwala. Maganizo otere anafala mu 1987, pamene World Bank inalangiza maiko osauka kuti odwala aziponyapo kangachepe. Ngakhale ku America nkhondo yake ndi yomweyi: a chipani cha Republican amati Boma lichepetse dzanja lake, msika ndi inshuwalansi za makampani zigwire ntchito, ndipo mu 2017 anatsala pang'ono kugwetsa lamulo la zaumoyo la Barack Obama la mu 2010.

Otsutsa nawo akuloza kwa anansi athu. Zambia inayamba kulipiritsa m'zaka za m'ma 1990, koma mu 2006 inachotsa malipirowo kumidzi. Uganda inawachotsa mu 2001, ndipo odwala anakhamukira ku zipatala. Apa zinaoneka kuti anthu aja sanali kuchira, anali kungogona kunyumba. Kwathu kuno umboni ulipo: kuyambira 2006 Boma linayamba kulipirira amayi oyembekezera ndi makanda m'zipatala zina za CHAM, ndipo amayi ochirira kuchipatala anachuluka. Maepiskopi athu nawonso, m'kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992, anadandaula za kuthithikana m'zipatala ndi kusiyanitsa odwala potengera ulemerero wawo.

Mfundo imene ine imandikhudza kwambiri ndi ya ndalama yolipira munthu akalumpha chipatala chaching'ono nkulunjika ku chachikulu opanda kalata. Pa pepala nzomveka ndithu. Queen Elizabeth, chomwe agogo athu amachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958 ndipo ntchito yake ndi matenda aakulu, osati chimfine. Koma taganizani, makolo ndi abambo ansembe: maboma ena ali ndi chipatala chachikulu cha boma lawo, pamene Blantyre ilibe. Munthu wa ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa akachoka pa chipatala chaching'ono cha m'dera lake, sitepe yotsatira ndi ku Gulupu basi. Ndiye mwana akayamba kukomoka usiku, kodi mayi ake ayambe wafunafuna kalata? Kwa ine, kulipiritsa munthu chifukwa cholumpha mlatho womwe sunamangidwe si chilungamo.

Inshuwalansi nayo ili ndi pogona pake. Imayenda bwino pamene anthu ali pa ntchito yolembedwa, poti ndalama imadulidwa ku malipiro mwezi ukatha. Nanga wosula mbaula ndi ndowa, wa kabaza, woitanira minibasi, mudzamudula pati? Ena amati osaukitsitsa asamalipire. Chabwino, koma adzasankhe ndani, mfumu, khansala kapena kalaliki wa pa windo? Tonse tinaona mikangano ya makuponi a feteleza.

Sindikukana mawodi olipira, malinga ngati ndalama zake zikuoneka kumene zapita ndiponso dokotala sakuthawa odwala a ku wodi yaulere. Koma tisanafike m'thumba la wodwala, pali lonjezo la ku Abuja la mu 2001, pamene atsogoleri a mu Africa anavomera kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Dziko lathu lakhala likulephera kufikapo zaka zambiri, ndipo America itadula thandizo la USAID mu 2025, dzenje lija linangokulirakulira.